Kwa achimwene a ku Chinkhoma amene akufuna looper yotchipa

Achimwene, ndaliona funso lanu. Mukuti anzanu a bandi anabalalika, wina ali ku Lilongwe, wina ku Joni, mwatsala nokha ndi gitala, ndiye mukufuna kudziwa ngati ma looper otchipa amene akutsatsidwa pa Facebook angakuthandizeni pophunzira kunyumba komanso poimba pa zochitika. Ine ndili pa boma pompano ndipo kachipangizoka ndakaponda zaka zingapo, ndiye ndiloleni ndiyankhe motalikitsako.

Gulani. Koma musapite nako pagulu mwezi womwewo.

Kwa ena m'gulu muno amene simunakaonepo, looper ndi kabokosi kokhala pansi, pakati pa gitala ndi ampu. Mukaponda batani kamayamba kujambula zimene mukuimba. Mukapondanso kamayamba kubwereza zomwezo osaleka, inu n'kumaimba lidi pamwamba pake. Mukaponda kachitatu, zimene mukuimba tsopanozo zimasanjikika pa zoyamba zija. Ntchito yake ndi imeneyi basi, ndipo looper yotchipa imaigwira bwinobwino. Pa ma sipika amene timagwiritsa ntchito m'maukwati kuno, palibe munthu adzasiyanitse mawu a zotchipa ngati Ammoon, Lekato kapena Donner ndi a zodula ngati Boss. Kusiyana kwake kuli kuphazi, osati kukhutu.

Ma looper ang'onoang'ono ambiri anatengera kapangidwe ka Ditto ya TC Electronic, batani limodzi ndi chopotokola chimodzi cha voliyumu. Batani lomwelo ndi lojambulira, losanjikira, loimitsira ndi lofufutira. Kuti muimitse muyenera kuponda kawiri mofulumira. Kunyumba zimenezi si vuto. Pa zochitika zathu ndi pamene pali nkhani, chifukwa pa perekaniperekani woyendetsa mwambo sayembekezera kuti nyimbo ifike pothera. Amangokweza dzanja, ndipo nthawi yomweyo pafunika kuti zii, aitane akuchikazi kapena alengeze ndalama zimene zaponyedwa m'lichero. Zinandichitikira pa chinkhoswe china cha ku Santhe. Mkuluyo atakweza dzanja ndinaponda kawiri, koma phazi lachiwiri linachedwa pang'ono. M'malo moima, kachipangizoko kanalowa mu kusanjika. Gitala inapitirira kulira mkuluyo akuyankhula, ndipo ndinachita kuwerama n'kutsitsa voliyumu ndi dzanja, anthu onse maso ali pa ine. Tsiku limenelo ndinawawidwa mtima, chifukwa mwambo unali wa eni ake ndipo anandidalira.

Choncho ngati mtima wanu uli pa maukwati ndi zinkhoswe, funani looper yokhala ndi batani lachiwiri loimitsira, kapena yokhala ndi kabowo kolumikizirapo batani lapadera. Boss RC-1 ili nako kabowo kameneka. Imajambula mphindi 12, ndipo ili ndi timagetsi tozungulira tosonyeza pamene loop (kachigawo kamene mwajambula kakubwerezedwako) yafika, zimene zimathandiza kwambiri pakakhala phokoso moti simukudzimva. Yatsopano ndi yodula, koma ikapezeka yogwiritsidwapo kale, kwa ine ndi yabwino kuposa yatsopano ya batani limodzi. Za kuchuluka kwa mphindi zisakusokonezeni. Otsatsa amalemba mphindi 30, ena maola angapo, koma Ditto imajambula mphindi 5 zokha ndipo n'zokwana. Loop yeniyeni imene mudzagwiritse ntchito siidzapitirira theka la mphindi.

Ma looper ena amabwera ndi ng'oma zawo m'kati. Musawonjezere ndalama chifukwa cha zimenezo. Ng'omazo zambiri ndi za kumenya kanayi kowongoka, pamene manganje ndi nyimbo zina zimene anthu athu amadzuka nazo zimayenda patatupatatu. Mukazikakamiza pamodzi zimakokana. Bola mudzipangire ng'oma nokha pa thupi la gitala. Chala chachikulu mukamenya pafupi ndi pamene nthambo zamangidwa chimatulutsa "du" wolemera, zikhadabo pa nthambo zimene mwazigwira ndi dzanja lamanzere zimatulutsa ngati chisekese. Ngati gitala yanu ili ndi pikapu (kachida kotola mawu) imene imamvanso kugunda kwa pa thupi la gitala, zonsezi zimalowa.

Tsopano za magetsi, ndipo apa mumvetsere bwino chifukwa ndi pamene ndalama imapsera. Pafupifupi ma looper onsewa amafuna 9V, koma adaputa yake ndi ya mtundu woti negativu ili pakati pa kamutu. Ma adaputa ambiri amene ali m'nyumba zathu, a rauta, a dikoda, a wailesi, ali ndi pozitivu pakati, ndipo ambiri ndi a 12V. Kamutu kamalowa bwinobwino, ndiye munthu umayesa zatheka. Yanga yoyamba inapita choncho. Ndinaiwala adaputa kunyumba, ndinabwereka ina pamalopo, kunangomveka kafungo ka pulasitiki wopserera ndipo sinayakenso. Pa adaputa iliyonse pali kachithunzi kakang'ono, kadontho pakati ndi mizere yopita ku + ndi ku -. Mzere wochokera pa kadonthoko uzipita ku -. Ambiri ogulitsa tima looper tating'onoti saikamo adaputa m'bokosi, ndiye funsani musanalipire, ndipo muwerengere mtengo wake pamodzi.

Tating'onoti tambiri mulibenso malo a batire. RC-1 imalola batire ya 9V, koma looper imadya moto kwambiri, batire imodzi ndi ya maola ochepa chabe. Chimene ine ndimachita ndi pawabanki ndi kachingwe kosintha 5V ya USB kukhala 9V, nakonso ka negativu pakati. Magetsi akazima jenereta isanalire, loop yanga imakhala ilipobe. Kumudzi kumene kuli sola yokha njirayi ndi yomweyo. Tizingwe tina totchipa timabweretsa kaphokoso kosokosera m'sipika, ndiye kayeseni kaye pa ampu yanu.

Koma chachikulu ndi phazi, ndipo n'chifukwa chake ndati musathamangire pagulu. Looper siinama. Mukachedwa kuponda pang'ono pokha, kampata kamene katsalako kazibwera nthawi iliyonse loop ikazungulira, ndipo wovina amakamva m'chiuno ngakhale sadziwa kuti chavuta n'chiyani. Ambiri poyamba amalakwitsa chinthu chimodzi: amaponda pa kumenya komaliza kwa mzere. Ayi. Mumaponda pa "wani", kumenya koyamba kwa mzere, poyamba, ndipo mumatsekanso pa "wani" wa kuzungulira kotsatira, dzanja likupitirira kuimba ngati palibe chachitika. Musayambenso kujambula gitala ili chete. Imbani makodi anuwo kawiri katatu kaye, thupi ligwire mayendedwe, phazi lizigunda pansi pambali pa batani, kenako kugunda kumodzi kungogwera pa batanipo. Yambani ndi makodi awiri okha. Mukatha kutseka loop kakhumi motsatizana popanda kampata, onjezani. Ine zinanditengera masabata angapo a madzulo aliwonse, ndipo poyamba ndinkavula nsapato kuti ndizimva pamene batani likugwira. Kenako phunzirani ndi nsapato zomwezo zimene mumavala pa ukwati, chifukwa chidendene chake chimasintha kapondedwe.

Pophunzira kunyumba, kachipangizoka n'kamtengo wapatali kuposa ndalama yake. Mumadzimva mmene ena amakumverani. Ine ndinkadziona ngati ndimasunga nthawi, mpaka nditamva kuti ndikafika posintha kodi ndimathamanga. Palibe mnzanga wa bandi anandiuzapo zimenezo, mwina chifukwa cha ulemu. Lidi nayo mumaiphunzira mpaka usiku popanda kutopetsa munthu wokuimbirani makodi.

Posanjika musachite dyera. Ng'oma ya pa thupi la gitala, makodi, ndi besi ya pa nthambo ziwiri zazikulu, zitatuzi zakwana. Mukapitiriza kuunjika zonse zimasanduka phala, makamaka ngati ampu ndi yaing'ono kapena mwaikweza mpaka ikusasa mawu. Zapansizo muziimba mofatsa kuti lidi ndi mawu anu zikhale ndi pokhala. Ndipo muzichita changu. Anthu sangakhale mphindi zitatu akuonerera mukumanga nyimbo. Pofika kuzungulira kwachinayi mukhale mwayamba kuimba.

Mwayi wathu ndi woti nyimbo zambiri za kuno zimazungulira pa makodi atatu kapena anayi kuyambira poyamba mpaka pothera, ndiye looper ya njira imodzi imazikwanitsa. Nyimbo imene kolasi yake ili ndi makodi ena imafuna kuti muimitse loop, muimbe kolasiyo ndi manja, kenako muyatsenso, ndipo apa batani lachiwiri lija likufunikanso.

Kutchalitchi samalani. Mpingo ukamaimba nyimbo za m'buku umakoka pena, umapuma pothera ndime, amayi akutsogolo amatha kufulumizitsa mzimu ukakwera. Makina sadikira munthu. Ine ndinasiya kuigwiritsa ntchito mpingo wonse ukuimba. Ndimaiyatsa pa nthawi ya chopereka kapena ndikamaimba ndekha. Chimodzimodzi mukapeza woimba ng'oma. Ngati sakumva loop bwino, mudzasiyana pasanathe mphindi. Muikireni sipika pafupi ndi khutu, ndipo agwirizane nazo kuti iye ndi amene azitsatira.

Mwina mukuganizanso zojambula mawu anu kuti muzidziyankha nokha. Ma looper otchipawa ali ndi kabowo ka chingwe cha gitala kokha, maiki salowa mwachindunji ndipo mukaikakamiza mawu amatuluka ofooka. Njira yake ndi kudzera pa mikisa, kutumiza mawu ku looper kuchokera pa Aux (kabowo ka pa mikisa kotumizira mawu ku chipangizo china), n'kuwabweza pa tchanelo china chimene Aux yake mwatsekeratu. Mukaiwala kutseka, sipika zimalira mluzu woboola makutu. Dziwaninso kuti maiki imatola chilichonse, phokoso la sipika, ana, jenereta, ndipo zonsezo zizibwerezedwa. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi gitala yokha chaka choyamba.

Pogula, musatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money chinthucho musanachigwire. Ngati chili ku Lilongwe, bola mukwere minibasi ndi gitala yanu, kapena mutume woimba mnzanu, osati m'bale wosadziwa zoimba. Jambulani, sanjikani kasanu, fufutani. Pondani batani kambirimbiri muone ngati pena silikuphonya, chifukwa pa zotchipazi batani ndi limene limayamba kufa. Gwedezani zingwe pa mabowo onse awiri mumve ngati sizikuthetheka. Zulani adaputa n'kubwezera muone ngati loop yatsala. Ndipo mverani chimene chimachitika pofufuta: zina zimayamba zalira kaye pang'ono zisanafufute, zimene pagulu zimamveka. Mukachipeza, chisungeni m'kathumba. Fumbi la kuno la mu Okutobala likalowa m'batani ndi chiyambi cha mavuto.

Mukadzabwera pa boma Loweruka lina mundiuze m'gulu muno. Mudzabwere ndi gitala yanu mudzaponde yangayi ola limodzi musanatulutse ndalama, mudzaone nokha ngati batani limodzi likukukwanirani.