Alcohol yadumpha aldehyde n'kukafika ku acid: nditani?

Wophunzira chemistry wina wanditumizira imelo yodandaula. Akuti amafuna kusandutsa primary alcohol kukhala aldehyde, anathira Jones reagent, koma chomwe anakolola ndi carboxylic acid, yomwe ndi sitepe yotsatira aldehyde ikapitirira kusandulika. Ndiye akufunsa ngati alipo mankhwala ofatsa oti akafika pa aldehyde aime pomwepo.

Pepani mnzanga, vuto si manja anu. Jones ndi mankhwala a chromium osungunulidwa mu asidi, ndipo muli madzi. Aldehyde ikangobadwa imagwirana ndi madziwo n'kukhala hydrate, chromium n'kuiyesa alcohol ina, basi n'kuigwiranso kachiwiri mpaka kusanduka acid.

Ndikanakhala inu ndikanatenga Dess–Martin periodinane, imene ambiri amangoti DMP. Daniel Dess ndi James Martin anailengeza mu 1983. Ndi ufa woyera, ndipo chogwira ntchito m'kati mwake ndi ayodini. Sungunulani alcohol yanu mu dichloromethane, thiranimo ufawo mopitirirako muyezo pang'ono, muzitakasa. Simutenthetsa, simuziziritsa. Kawirikawiri pakati pa mphindi 30 ndi maola 2 ntchito imakhala yatha. Secondary alcohol nayo imasanduka ketone bwinobwino.

Koma pali kamsampha. Molekyu iliyonse ya DMP imatulutsa mamolekyu awiri a acetic acid, choncho ngati chomwe mukupangacho sichipirira asidi, yambani mwathiramo sodium bicarbonate kapena pyridine. Chodabwitsa n'chakuti madzi omwe anakulakwirani aja, kuno akakhala ochepa kwambiri amafulumizitsa ntchito. Meyer ndi Schreiber anaonetsa zimenezi mu 1994. Pomaliza thirani madzi a sodium thiosulfate ndi bicarbonate, mutakase mpaka mbuu wa m'botolomo atachoka, zigawo ziwiri, cha madzi ndi cha dichloromethane, zioneke mbee.

Mwina aphunzitsi akutchulirani PCC, mankhwala enanso a chromium, ya Corey ndi Suggs, ya mu 1975. Imaimadi pa aldehyde, koma imasiya phula lakuda lokakamira m'botolo, ndipo chromium yakeyo imayambitsa khansa. Njira ina yotchedwa Swern ndi yabwino, kungoti imafuna kuzizira kwa -78 °C, ndipo fungo la dimethyl sulfide limakuperekezani mpaka kunyumba.

DMP nayo ili ndi zake. Ndi yodula komanso yolemera, magalamu 424 pa mole, ndiye zinyalala zimachuluka. IBX, yomwe amapangira DMP, imatha kuphulika ikamenyedwa kapena kutenthedwa kwambiri, choncho musayese kupanga nokha popanda wokuyang'anirani. Pa magalamu ochepa DMP ndi yokwana. Zikafika pa makilogalamu, funsani za njira yogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa TEMPO pamodzi ndi bleach.