Injini ikutsamwa, magetsi akuphethira: muyambire pati?

Wowerenga wina watilembera pa imelo kuti ali ndi Mazda MX-5 ya 1999. Akaponda mafuta mwamphamvu, makamaka injini itatentha, galimoto imatsamwa ngati ikufuna kuzima, magetsi a pa dashibodi amaphethira, ndipo wailesi imazima n'kuyakanso yokha. Wasintha kale mapulagi koma palibe chasintha. Akufunsa ngati agule sensa yoyeza mpweya.

Achimwene, musagule kaye. Sensa ya mpweya yowonongeka singazimitse wailesi. Kutsamwa kwa injini ndi kuphethira kwa magetsi zikamachitika nthawi imodzi, kawirikawiri gwero lake limakhala limodzi: magetsi sakufika mokwanira, kapena earth (njira imene magetsi amabwerera nayo ku batire) yasokonekera. Kompyuta ya injini, makoyilo (amene amapereka moto ku mapulagi) ndi pampu ya petulo zonse zimadya pa batire imodzimodziyo, ndiye mphamvu ikatsika zimafooka pamodzi.

Tengani multimeter, mita yoyezera magetsi, muyeze pa mitu ya batire. Galimoto itagona usiku wonse, batire yabwino imaonetsa 12.6 V, ikaonetsa 12.2 V ndiye kuti ili pafupifupi theka. Pomwe sitata ikuzungulira isatsike pansi pa 9.6 V. Injini ikulira, muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.5 V, ngakhale mutayatsa magetsi akutsogolo ndi fani. Pa MX-5 ya chaka chimenechi, kompyuta ya injini ndiyo imalamula alternator (chipangizo chotchajira batire) kuchuluka kwa magetsi oti itulutse, choncho yang'ananinso kapulagi kakang'ono ka kumbuyo kwa alternator musanaiweruze kuti yafa. Kenako sinthani mita kupita pa AC, muyezenso pa batire injini ikulira. Ikafika 0.5 V, ma diode a alternator (tizipangizo tosintha magetsi a AC kukhala a DC) apsa, ndipo magetsi osakhazikikawo amasokoneza masensa.

Tsopano earth, pomwe ine ndikukayikira kwambiri. Batire ya galimoto imeneyi ili m'buti, kutali ndi injini, ndipo magetsi amabwerera kudzera m'thupi la galimoto ndi mawaya a earth. Malo olumikizira akachita dzimbiri, galimoto imalira bwinobwino itaima, koma mukaponda mafuta injini imapendekeka pang'ono pa ma mounting ake, waya wosagwira bwino uja n'kulekeza kwa kanthawi. Kuyeza ndi ma ohm kumanamiza, chifukwa kawaya kamodzi kotsala kamaonetsa ngati zonse zili bwino. Yezani mavolti amene akutayika pa njira: mita pa DC, chingwe chimodzi pa mutu wa negative wa batire, china pa chitsulo cha injini (mudzafunika waya wautali wowonjezera), wina aziliza sitata. Kuposa 0.3 V ndi vuto. Masulani malo onse a earth, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani mwamphamvu, kenako pakani girisi pang'ono pamwamba. Mitu ya batire nayo isatembenuke ndi dzanja. Njira yachidule yotsimikizira: lumikizani waya wojampira kuchoka pa injini kupita pa chitsulo choyera cha thupi la galimoto. Vuto likatha, mwalipeza.

Ngati magetsi onse ali bwino koma kutsamwa kulipobe, lumikizani makina owerengera zolakwika. Makinawo akaonetsa nambala ya P0300, ikutanthauza kuti masilinda osiyanasiyana akudumphitsa moto. P0301 mpaka P0304 ikuloza silinda yake. Onetsetsani apa: injini imeneyi ili ndi makoyilo awiri okha, ina ya silinda 1 ndi 4, ina ya 2 ndi 3. Zolakwika zikabwera ziwiriziwiri motero, ndi koyilo, ndipo makoyilo a 1999 ndi 2000 amadziwika kuti amafooka akatentha. Silinda imodzi yokha ikuloza waya wa pulagi kapena injector (yopopera petulo kupita m'silinda). Zulani mawaya a mapulagi muone ngati m'maenje muli oyilo. Ngati alimo, gasiketi ya chivundikiro cha mavalavu ikudontha ndipo moto ukuthawira m'mbali. Mapulagi atsopano aja, kodi munayeza mpata wake? Uyenera kukhala 1.1 mm.

P0171 ndi nkhani ina: mpweya wachuluka, petulo wachepa. Pamenepo fufuzani mapaipi a labala ong'ambika pakati pa sensa ya mpweya ndi injini, fyuluta ya petulo yotsekeka, ndiyeno sensa ija. Itsukeni ndi mankhwala ake enieni, osati a kabureta, ndipo musaikhudze mkati ndi chala kapena nsalu.

Nyali ya check engine ikamaphethira m'malo mongoyaka, chotsani phazi pa mafuta ndipo musapite nayo patali. Petulo wosapsa akulowa mu catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi pa paipi ya utsi), ndipo imeneyo imasungunuka mkati, mtengo wake n'kuposa wa koyilo kutalitali. Mukayeza, tilembereni manambala anayi aja: batire itagona, sitata ikuzungulira, injini ikulira, ndi mavolti otayika pa earth.