Kwa mchemwali wa ku Kawale amene watopa ndi kungosesa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wa zaka 23 wa ku Kawale. Anamaliza Fomu 4, ntchito sanaipeze, ndipo masiku ano amathandiza mayi ake pabenchi ya tomato. Iye ndi anzake akhala akusesa pamsika ndi kufukula ngalande Loweruka lililonse kwa miyezi ingapo, koma akuti gulu layamba kuzilala chifukwa zinyalala zikungobwerera. Funso lake ndi ili: "Kodi ife achinyamata tili ndi malo ku khonsolo ya mzinda, kapena gawo lathu ndi tsache ndi kuvina pamisonkhano basi? Tiyambire pati?"

Achemwali, malo alipo, koma palibe amene adzabwere kudzakuitanani. Ndipo tsachelo musalitaye, chifukwa ndi lomwe likupatsani mphamvu yolankhula. Munthu amene walowa m'ngalande ndi manja ake akaima pagulu n'kunena kuti madzi amatsekeka pakuti, akuluakulu amatchera khutu.

Zimene mukudandaulazo ndinazionapo ndi maso anga. Chaka china mvula isanayambe, ine ndi anyamata a m'dera lathu tinabwereka makasu, mafosholo ndi mawilibala awiri. Tinalowa m'ngalande m'mawa dzuwa lisanatenthe. Zimene tinavuula ndi majumbo, mabotolo a zakumwa, matewera a ana, zitsononkho za chimanga ndi mchenga wakuda wonunkha zoti sungadye nsima tsiku limenelo. Pofika masana tinali titaunjika milu isanu m'mbali mwa msewu, manja atatupa matuza, mitima ili mbee. Amene anatilonjeza galimoto yodzatenga miluyo sanabwere. Patatha sabata ziwiri mvula inagwa usiku, ndipo kutacha zonse zija zinali zitabwerera m'ngalande momwemo. Chinandipweteka kwambiri chinali kuona mnyamata wina amene anagwira ntchito kuposa tonse akudutsa pamalopo osayang'anako n'komwe. Sanabwerenso. Cholakwa chathu chinali choti lonjezo tinalilandira pakamwa, pamsewu, osadziwa kuti amene akulonjezayo ali ndi mphamvu pa galimotoyo kapena ayi.

N'chifukwa chake ndikuti muyambe ndi kudziwa kuti ntchito iliyonse mwini wake ndani. Ambiri mu Lilongwe muno chilichonse chikavuta timangoti "boma", ndiye dandaulo limakagogoda khomo lolakwika. Kuchotsa zinyalala ndi kukazitaya ku mtaya wa ku Area 38, kuyang'anira misika ndi zimbudzi zake, ngalande ndi misewu ya m'madera, magetsi a mumsewu, ozimitsa moto, ziphaso za malonda ndi kuvomereza mapulani a nyumba, zimenezi ndi za khonsolo. Madzi a m'mipopi ndi a Lilongwe Water Board, ndipo makiyosiki ambiri m'madera ngati Chinsapo ndi Mtandire amayendetsedwa ndi mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madziwo. Magetsi a m'nyumba ndi a ESCOM. Misewu ikuluikulu ngati M1 ndi ya Roads Authority. Safunsa anadya phula. Funsani kaye musanalembe kalata.

Mwina mukudabwa kuti bwanji anthu ambiri, ngakhale makolo athu, sadziwa kuti khansala ntchito yake n'chiyani. Chifukwa chake chilipo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, nthawi imene tinkamva mawu oti mphamvu ku anthu. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho chapatatu cha mu 2014. Zaka 9 zathunthu. M'nyengo imeneyo anthu anazolowera kuthamangira kwa phungu pa chilichonse, kuyambira mlatho mpaka bokosi la maliro, ndipo chizolowezicho sichinathe. Chonsecho mzinda unkangokula. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, ndipo m'dziko lonse pafupifupi theka la anthu anali osakwana zaka 18. Mzinda uno ndi wa ana ndi achinyamata, koma m'zipinda momwe amagawa ndalama simuwapeza.

Khomo loyandikira kwambiri kwa inu ndi khansala wa wodi yanu pamodzi ndi komiti ya chitukuko ya wodiyo. Pansi pake pali mabuloko lida, amene amadziwa nyumba iliyonse ndiponso amaitanitsa misonkhano. Yambani ndi iwowo, mwaulemu, muwafotokozere zimene gulu lanu lachita kale, kenako mufunse tsiku limene komiti imakumana ndi nthawi imene mipando imasankhidwa. Musapite nokha, pitani atatu kapena anayi.

Ndikuchenjezeni za mmene misonkhano imeneyi imakhalira kuti musakagwe ulesi. Nthawi zambiri mumakhala m'kalasi ya pulayimale, akuluakulu atapanikizana pa madesiki a ana, mwayitanidwa 2 koloko koma kuyamba cha m'ma 3. Pemphero, malonje, kenako nkhani ya maliro a sabata yatha imadya theka la ola. Wachinyamata mumayikidwa kumapeto, pa "zina ndi zina", anthu atayamba kale kuyang'ana kunja. Apa ndi pamene ndikupatsani langizo limene ndimalikhulupirira ndi mtima wonse: mpando wa mlembi ukapezeka, utengeni. Ambiri amaukana chifukwa ndi wotopetsa ndipo ulibe ulemu ngati wa wapampando. Koma amene wagwira kope la maminitsi ndiye amasunga chikumbumtima cha dera. Ndi iye amene amatha kutsegula tsamba n'kuwerenga kuti, "Mwezi wathawu tinagwirizana kuti a khansala akatifunsira za chibini cha pamsika, yankho lili pati?" Palibe amene angakunenereni mwano, popeza mwangowerenga zimene iwo eni ananena.

Kenako sankhani vuto limodzi lokha. Osati ukhondo wa Kawale yense, koma ngalande imodzi, kuyambira pakuti kulekeza pakuti. Ijambuleni pafoni mvula isanagwe ndiponso itagwa. Werengani nyumba ndi mabenchi amene madzi amalowa. Lembani kalata ya tsamba limodzi, a buloko lida asayinire, ipite kwa khansala, ndipo ina mukaipereke nokha ku maofesi a khonsolo ku City Centre, akudindireni chidindo pa yanu yotsala. Kulemba pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp kumathandiza kuti anthu adziwe, koma kalata yodindidwa ndi imene mungaitulutse patatha miyezi itatu. Ndipo tsiku lofukula lisanafike, mudziwe amene adzatumize galimoto ndi ola lake. Popanda zimenezo, lisunthireni tsikulo kutsogolo.

Pali zinthu ziwiri zimene achinyamata ambiri sadziwa kuti lamulo limawalola. Choyamba, msonkhano wa makhansala onse ndi wotsegukira anthu. Mukhoza kukhala kumbuyo n'kumvetsera, ngakhale simuvota. Kumeneko ndi kumene mumaona ngati khansala wanu amatsegula pakamwa. Meya wa mzinda sitimusankha ife mwachindunji, amasankhana okha makhansala, choncho mphamvu yanu yeniyeni ili pa khansalayo. Chachiwiri, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mungathe kulemba kupempha kuti muone bajeti, kapena kuti ntchito ya ngalande inapatsidwa ndalama zingati ndiponso kontilakita wake ndani. Chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 April, ndiye pempho lanu likafika mu June lapeza mphika utaphulidwa kale. Liyambeni kumapeto kwa chaka, likalowe m'mapulani a wodi.

Musachite manyazi kufunsa za ndalama. Mayi anu amadula tikiti ya msika tsiku lililonse, ndipo eni nyumba ndi mashopu amalipira msonkho wa malo. Khonsolo imayendera ndalama zimenezo. Koma chilungamo chinenedwe mbali zonse: ambiri salipira msonkhowo, ndipo ngalande sizidzitayira zokha matewera. Kolera ija inayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023, inatikumbutsa kuti chimbudzi cha mnzako ndi nkhani yako. Gulu lanu likamayenda khomo ndi khomo kufotokoza zimenezi, likugwira ntchito yaikulu kuposa ya Loweruka ija.

Nkhani ya kuvina mwaitchulayo imandiwawa. Nthawi ya kampeni ikafika, gulu looneka bwino ngati lanu limakopa maso. Adzabwera ndi matisheti, nsalu ndi ya sopo. Aliyense payekha ali ndi ufulu wotsata chipani chimene akufuna, koma gululo likangovala mtundu umodzi, theka la anthu a m'dera lidzasiya kukumverani, ndipo amene wapambana akakhala wa mbali ina kalata zanu zidzagona m'dilowa. Wandale akafuna kuthandiza, apereke mawilibala, magolovesi ndi magambutsi pamaso pa komiti, zilembedwe m'kope.

Za anzanu amene akuzilala, musawaweruze. Munthu wosowa ntchito kumuuza kuti adzipereke ulere sabata ndi sabata n'kumusenzetsa katundu wolemera. Magulu ena mumzinda muno amatolera zinyalala m'makomo pa kamtengo kochepa pamwezi, ena amapanga manyowa kuchokera ku zotsalira za pamsika n'kugulitsa kwa olima ndiwo ndi maluwa. Pamsika wanupo masamba a kabichi ndi tomato woola sasowa. Kafunseni ku khonsolo za chilolezo ndi malo ounjikira musanayambe, ndipo ndalama zisungidwe ndi anthu awiri.

Chomaliza, mwati muli ndi zaka 23. Kuvota kumayamba pa zaka 18, ndipo kuyimira ukhansala kumafuna zaka 21. Chisankho chapita chinachitika pa 16 September 2025, chotsatira chili mu 2030, inu muli ndi zaka zosakwana 30. Sindikunena kuti muyime, koma ngati mudzafune, zaka zimenezi zikukwanirani kudzaza makope angapo a maminitsi. Pakadali pano kapezeni a buloko lida sabata ino, ndipo mukakhala nawo pamsonkhano woyamba mundilemberenso, mundiuze kuti nkhani ya ngalande anailandira bwanji.