Kalendala ya m'foni kapena yochita kutsitsa? Yankho kwa mayi a ku Mtendere

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Mtendere, mu Lusaka. Maso awo anafooka ndi matenda a shuga, ndipo mwana wawo anawagulira foni ya Android n'kuwatsegulira TalkBack, pulogalamu yoyankhula, kuti iziwawerengera zimene zili pa foni. Akufuna kusunga masiku a ku chipatala, a chilimba ndi a kwaya, koma akatsegula kalendala, foni imangotchula manambala osatha. Funso lawo ndi lakuti: apitirize ndi kalendala yomwe inabwera ndi foni, kapena atsitse ina pa Play Store?

Amayi, manambala amenewo ndimawadziwa bwino, nanenso anandisautsa nditangoyamba kudalira TalkBack. Gwero lake ndi kaonekedwe ka mwezi. Kalendala zambiri zikatseguka zimayala mwezi wonse m'timabokosi, masiku 7 chopingasa, mizere 5 kapena 6 chotsika. Woona amangoponya diso kamodzi. Ife timaseretsa chala kabokosi ndi kabokosi, mwina 35 mwina 42, tisanamve kuti Lachinayi kuli kwaya. Ndiye musanatsitse chilichonse, funani kaye pamene kalendala yanu imasanja zochitika ngati mndandanda.

Pa Android ine ndimagwiritsa ntchito Google Calendar. M'mafoni ena imakhalamo kale, m'mafoni ena mumachita kutsitsa, koma ndi yaulere. Mukatsegula menyu ya pamwamba kumanzere, sankhani Schedule. Apa timabokosi timachoka, pamatsala tsiku ndi zochitika zake motsatizana. Mukaseretsa chala kumanja mumamva chotsatira, mukagogoda kawiri chimatseguka. TalkBack ndi kalendalayi zonse n'za Google, ndipo m'kuyesa kwanga mabatani ake amatchulidwa ndi mayina omveka. Kalendala zomwe opanga mafoni amaikamo okha zimasiyana kampani ndi kampani. Ina imawerengeka bwino, ina ili ndi mabatani amene TalkBack imangoti ndi batani lopanda dzina.

A iPhone zawo n'zosavuta. VoiceOver, yomwe imawerenga ngati TalkBack, inalowa mu iPhone mu 2009, ndipo kalendala ya Apple imamvana nayo bwino. Nayonso ili ndi mndandanda, komanso Siri, pulogalamu ya Apple yomvera mawu, imalemba tsiku mukaiuza pakamwa.

Nanga zotsitsa zina? Outlook imathandiza ogwira ntchito mu ofesi, poti imelo ndi misonkhano zimakhala pamodzi. Fantastical ya pa iPhone imalola kulemba chiganizo chimodzi m'Chingerezi, yokha n'kupezamo tsiku ndi nthawi, ngakhale zambiri zake n'zolipira. Zimene ndikukuchenjezani nazo ndi timakalendala taulere todzaza ndi zotsatsa malonda. Chotsatsa chikatulukira, kabatani kotsekera nthawi zambiri kamakhala kopanda dzina, ndipo munthu wosaona umangozungulira osadziwa potulukira. Data nayo ikutha.

Pali nkhani ina imene simunafunse, koma imandikhudza kwambiri. Zaka zingapo zapitazo foni yanga inabedwa m'minibasi ndikuchokera mu town. Masiku onse ndinkawasunga m'foni momwemo, osati mu akaunti. Tsiku lokaonana ndi dokotala linandidutsa, ndipo ndinadikira milungu yambiri kuti andipatse lina. Chonde, Amayi, polemba chochitika onetsetsani kuti chikusungidwa pa akaunti yanu ya Gmail. Mukatero, foni ikatayika kapena mukasintha kalendala, zonse mudzazipeza. Mwana wanunso akhoza kukulemberani tsiku ali ku Chipata ngati mwamupatsa chilolezo. Netiweki ikavuta musade nkhawa, zomwe mwalemba zimakhala m'foni mpaka intaneti itabwera.

Kanthu kena ndi liwu lowerenga. Liwu la Chingerezi limapotoza mawu athu, moti "kuchipatala" imamveka ngati china. Ine ndimalemba mawu aafupi, ndimvetsere kamodzi, akamveka molakwika ndiwasinthe mpaka khutu litawazindikira.

Pa chilimba, lembani kamodzi n'kusankha kuti zizibwereza mwezi ndi mwezi. Pa chipatala ikani zikumbutso ziwiri, china dzulo lake madzulo, china maola awiri nthawi isanakwane, poganizira mzere wa magalimoto pa Great East Road m'mawa. Mukatsegula maholide a Zambia, 24 October, tsiku la ufulu, idzaonekera yokha, koma Kulamba ya ku Mkaika kumapeto kwa August mudzailembe nokha.

Yambani ndi Google Calendar pa Schedule, muiyese milungu iwiri. Pakakhala batani limene TalkBack ikulephera kulitchula, ndilembereninso, mundiuze mtundu wa foni yanu ndi malo amene batanilo lili, tione limodzi.