Kucheza ndi ana pamene ntchito yachuluka

Achemwali, mwafunsa kuti mungapeze bwanji mpata wocheza ndi ana pomwe mumachoka m'mamawa n'kubwerako kutada. Inenso ndimagulitsa kaunjika kumsika, ndiye vutoli ndikulidziwa bwino.

Chimene chinandithandiza ndi kukhitchini. Ndikamaphika nsima, wamkulu amasadzula nkhwani, wamng'ono n'kumatsuka tomato. Nkhani zakusukulu zimangotuluka zokha osawafunsa, ngakhale zija amabisa mukawafunsa mwachindunji. Foni ndimaisiya kuchipinda, chifukwa kunena zoona WhatsApp imandidyera nthawi kuposa ntchito yeniyeniyo.

Magetsi akathima sitidandaulanso. Timayala mphasa, wina n'kuyamba "Ndagi!" ife "Gize!", mpaka wamng'onoyo agonere pamwendo panga. Lamulungu pochokera kutchalitchi timabwera wapansi, osakwera minibasi, kuti njira italikeko pang'ono.