Mafunso a Owerenga: Thabwa langa lalitali likukana kukhota pa mafunde ang'onoang'ono

FUNSO

Akonzi, ine ndine bambo wa zaka 34, kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndikugwira ntchito ku Cape Town. Chaka chathachi mnzanga wa kuntchito anandiphunzitsa masewera otsetsereka pa mafunde ndi thabwa, aja amati surfing, ndipo ndinagula kwa munthu thabwa lalitali la mtundu wa longboard. Loweruka lililonse ndimapita ku Muizenberg. Kuimirira ndikutha bwinobwino, koma thabwa limangolunjika kumtunda, ndipo ndikati ndikhote n'kupendekera mbali imodzi, ilo limakana, ine n'kugwera m'madzi. Kodi vuto ndi kuchepa kwa mafunde, kapena thabwali landikulira moti ndifune lalifupi?

Wowerenga, Cape Town

YANKHO

Bambo, thabwa lanulo musaligulitse, chifukwa ndi loyenera ndithu malo amene mukusewerawo. Gombe la Muizenberg lili mkati mwa False Bay, kumene mapiri a Cape Peninsula amatchinga mphamvu yambiri ya mafunde ochokera kumwera chakumadzulo, ndipo pansi pake ndi mchenga wotsika pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mafunde a kumeneko amasweka mofatsa ndi kuyenda mtunda wautali. Funde lotere silitha kukankha bwino thabwa lalifupi, koma longboard, imene kutalika kwake kumayambira pa mafiti 9, kapena kuti pafupifupi mamita 2.7, imayandama kwambiri moti funde lofika m'mawondo limainyamula. Vuto lili pa malo amene mapazi anu akuponda pa nthawi imene mukufuna kukhota.

Popeza munakulira kunyanja, kumbukirani kuti m'bwato amene amawongolera ndi wopalasa wa kumbuyo, ndipo wokhala pakati, ngakhale atapendekera mbali motani, bwato silitembenuka koma limangofuna kugubuduka. Thabwa lalitali nalonso limatero. Mukadzuka n'kuima chapakati, pamene ambiri ongoyamba amaima, thabwa lonse kuyambira kumutu mpaka kumchira limakhala litagona pamadzi. Pamalo pamenepo limathamanga bwino kwambiri, koma mukapendekera kumanzere kapena kumanja, m'mphepete mwake monse mumalowa m'madzi nthawi imodzi, madzi n'kugwira mbaliyo ngati mmene khasu limagwirira m'dothi, thabwa n'kupitiriza ulendo wake wolunjika pamene thupi lanu lapita kale kumbali. Kugwa kumene mwafotokozako ndi kumeneku.

Thabwa lalitali limakhotera kumchira, pamwamba pa chipsepse chonga cha nsomba chimene chili kunsi kwa thabwalo. Musanalowe m'madzi ulendo wotsatira, litembenuzeni pamchenga, muone pamene chipsepsecho chili, ndipo pamwamba pa thabwa, molunjika ndi malo amenewo, pakanipo phula lambiri kuti phazi lizipazindikira popanda kuyang'ana pansi. Mudzadabwa kuona kuti malowo ali kumbuyo kwambiri kuposa mmene mumaganizira. Mukafuna kukhota, bwezani phazi la kumbuyo mpaka lifike pamenepo, pindani mawondo, ndipo tsamirani pa phazilo kufikira mutaona mutu wa thabwa ukutukuka pang'ono, madzi akusiya kuukhudza. Mbali ya kutsogolo ikangochoka m'madzi, gawo limene latsala pamadzi limakhala lalifupi, ndipo thabwa limazungulira pa chipsepse monga chitseko chimazungulira pa mahinjesi ake.

Pamenepo ndi pamene thupi limayamba ntchito yake, ndipo imayambira kumaso. Yang'anani kumene mukufuna kupita, mapewa atsate maso, chiuno chitsate mapewa, kenaka mapazi amalize. Ngati mukukhotera mbali imene chifuwa chanu chalozako, pondani ndi zala za kumapazi. Ngati mukukhotera kumene kuli msana, pondani ndi zidendene, ndipo tembenuzani mutu muyang'ane kudutsa pa phewa la kutsogolo. Ambiri amalephera kukhotera kumsana chifukwa maso amakhala ali pa thabwa. Musapinde msana n'kuweramira madzi, pindani mawondo okha, chifuwa chikhale chowongoka pamwamba pa thabwa.

Tsopano pali chinthu chimene ndikufuna muchigwiritsitse, chifukwa pa mafunde ang'onoang'ono chimenechi ndiye mwini nkhani. Kuponda kumchira kumakhotetsa thabwa, komanso kumalichepetsa liwiro, popeza mchira umamira n'kumakoka madzi. Pa funde lalikulu zimenezi sizidetsa nkhawa, pakuti mphamvu ya fundelo imabwezeretsa liwiro msangamsanga. Funde la ku Muizenberg lofika m'chiuno lilibe mphamvu yotero, ndipo mukachedwa kumchira ngakhale pang'ono pokha, limadutsa pansi panu n'kukusiyani mutaima pamadzi odekha. Choncho kukhota kuli ndi mbali ziwiri zosalekana: kubwerera m'mbuyo kuti thabwa litembenuke, ndi kubwereranso kutsogolo nthawi yomweyo mutu wake ukangoloza kumene mukufuna. Phazi la kumbuyo lija libwerere pamalo pake, kulemera kwanu kupite pa phazi la kutsogolo, ndipo mudzamva thabwa likugonanso pamadzi ndi kuyamba kuthamanga chopingasa m'mbali mwa funde. Ine ndimaona kuti anthu ambiri amene aphunzitsidwa kuponda kumchira amaiwala mbali yachiwiriyi, n'kumadandaula kuti fundelo linali lofooka.

Poyamba mudzayenda pa thabwa mokhwekhwereza mapazi, ndipo palibe cholakwika. Akatswiri amayenda mopingasitsa miyendo, phazi lina kudutsa patsogolo pa linzake, chifukwa kayendedwe kameneka sikagwedeza thabwa. Palinso kakhotedwe kakale kamene amati drop-knee, kamene munthu amaponya phazi la kumbuyo kutali kumchira, chidendene chili m'mwamba, bondo n'kutsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza thabwa. Kamathandiza kwambiri pa thabwa lolemera, makamaka pokhotera kumsana, koma musakathamangire musanazolowere zoyambazi.

Mungathenso kudzichepetsera ntchito musanaimirire n'komwe. Pamene mukupalasa ndi manja kuti funde likunyamuleni, lozetsani mutu wa thabwa pang'ono kumbali imene fundelo silinasweke, m'malo molunjika kumtunda. Mukatero mumadzuka thabwa litayamba kale kuyenda chopingasa, ndipo kukhota kumene kwatsala kumakhala kochepa. Izi zimatheka pa funde limene likadali losalala. Ngati mukusewerabe m'thovu loyera la mafunde osweka kale, yesererani momwemo kuponda kumchira ndi kukhota pang'ono uku ndi uku, koma dziwani kuti m'thovu thabwa limagwedezeka ndipo silimvera msanga.

Za thabwa lenilenilo, chimene mungasinthe ndi chipsepse. Matabwa ambiri aatali ali ndi kangalande kunsi momwe chipsepse chachikulu chimalowa, ndipo chimamangidwa ndi sikuluwu imodzi. Mukachisunthira kutsogolo, thabwa limakhota mosavuta. Mukachisunthira kumbuyo, limakhazikika koma limaumirira kuyenda molunjika. Poti lanulo munagula kwa munthu, n'kutheka kuti mwini wake anachisiya kumbuyo kwenikweni. Chisunthireni kutsogolo sentimita imodzi kapena awiri, musewere tsiku lonse, kenaka muone ngati pakufunika kusinthanso.

Sankhaninso nthawi. M'miyezi yotentha ku Cape Town kumawomba mphepo yamphamvu ya kumwera chakummawa, yochokera mbali yomwe mwera amachokera pa nyanja yathu, ndipo ku Muizenberg imawomba kuchokera panyanja kupita kumtunda, n'kuphwanya mafunde kuti akhale osokonekera. Pa madzi otere n'kovuta kudziwa ngati mwagwa chifukwa cha phazi lanu kapena chifukwa cha mphepo. Lawirirani m'mamawa isanakule, kapena dikirani masiku a mphepo ya kumpoto chakumadzulo, imene imachokera kumtunda n'kusalaza mafunde, ndipo imawomba kawirikawiri m'nyengo yozizira.

Mukayamba kuyenda chopingasa mudzayamba kudutsana ndi anzanu, ndipo Loweruka pa Surfers Corner, malo osewerera a pa gombe la Muizenberg, pamadzaza anthu, ana ophunzira ali momwemo. Lamulo la pamadzi ndi lakuti funde ndi la munthu amene ali pafupi kwambiri ndi pamene layambira kusweka, choncho yang'anani mbali zonse ziwiri musanapalase. Mangani chingwe cha thabwa kumwendo nthawi zonse, chifukwa thabwa lotalika chonchi likapulumuka lingavulaze mwana amene ali kutsogolo kwanu. Mukaona kuti mukugwa pamadzi osaya, igwani chogona kumbali kapena kumbuyo kwa thabwa, ndipo povuuka manja akhale ataphimba mutu mpaka mutaona kumene thabwa lili.