Kwa amwene amene 911 yawo ikumangozungulira pa kona

Amwene, ndawerenga funso lanu lija. Mukuti mwasonkha ndalama za mu gemu ya Gran Turismo 7 mpaka mwagula Porsche 911 GT3 RS ya 2016, koma mukangolowa pa kona ikumazungulira n'kukaloza komwe mwachokera, nde mukufunsa ngati bola muigulitse mutenge Nissan GT-R, kapena muionjezere mphamvu n'kuiveka matayala a Racing Soft. Osaigulitsa ayi, komanso mphamvu musaonjezere panopa. Iimikeni kaye mu galaja, mutenge kagalimoto kopepuka muphunzirepo mmene kulemera kwa galimoto kumayendera, kenako mudzaibwerere. Mundipirire ndilemba zambirimbiri chifukwa galimoto imeneyi ndimaikonda kwambiri ndipo zimandiwawa anthu akamaitaya asanaimvetse.

Mukatsegula tsamba la galimoto iliyonse mu gemuyi pamakhala tizilembo tija, FF, FR, MR, RR kapena 4WD, ambiri amangotidumpha maso ali pa ma horsepower basi. Komatu nkhani yonse yagona pamenepo. Chilembo choyamba chikunena pamene pali injini, chachiwiri chikunena matayala amene akukankha galimoto: F ndi kutsogolo, M ndi pakati, R ndi kumbuyo, pamene 4WD ikutanthauza kuti matayala onse anayi akukoka. Yanuyo ndi RR, injini ili kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa ekiselo ya matayala akumbuyo, ndipo akukankha ndi akumbuyo omwewo. A Porsche akhala akuipanga choncho kuyambira pamene anaionetsa koyamba mu 1963 ndipo pa ma 911 a pamsewu sanasinthe mpaka lero. Nde kulemera kwambiri, pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse, kuli kumbuyo. Ponyani hamala m'mwamba muone, mutu wolemera uja ndi umene umafuna kutsogola chigwiriro chikubwera pambuyo. 911 ikataya kugwira kwa matayala akumbuyo pakati pa kona imachita chimodzimodzi, injini ija imafuna ikupitirireni.

Tsono chimene ndikuganiza kuti chikukuchitikirani ndi ichi, ndipo mukaonere replay yanu mudzanditsutse ngati ndanama. Mukumafika pa kona muli pa liwiro lalikulu, mwachedwa kuponda mabuleki, mukukhota koma kutsogolo sikukumva chifukwa n'kopepuka, galimoto ikungolowera kunja, mantha akugwirani nde mukuchotsa chala pa moto kamodzin'kamodzi uku chiwongolero mwachipindiratu. Mukachotsa moto mwadzidzidzi choncho kulemera kumathamangira kutsogolo, matayala akutsogolo aja agwira mwamphamvu nthawi yomweyo, akumbuyo apepukidwa koma injini idakali ndi mphamvu yake yokokera kunja, basi mwazungulira. Sikuti gemu yalakwitsa kapena padi yanu yafa ayi. A Polyphony Digital, amene anapanga gemuyi, anakopera khalidwe lenileni la galimotoyi, ndipo ma 911 akale ngati Turbo ya mtundu wa 930 ija, imene inayamba kugulitsidwa mu 1975, ankaopedwa chifukwa cha zomwezi kuonjezera ndi turbo yake imene inkachedwa kudzuka kenako n'kubwera ndi mphamvu yonse pakamodzi.

Koma kulemera kwa kumbuyo komweko ndi kumene kumaipangitsa kukhala yokoma ukaidziwa. Potuluka pa kona mukaponda moto kulemera kumakhala pa matayala akumbuyo, amene ndi kale omwe asenza injini, nde imagwira msewu modabwitsa ndipo mutha kuponda msanga kuposa mnzanu wa FR amene matayala ake akungopala utsi. Pa mabuleki nayonso ndi katswiri, chifukwa kulemera kukasunthira kutsogolo matayala onse anayi amagawana ntchito bwinobwino mmalo moti akutsogolo okha avutike. Nde malamulo ake ndi osavuta kuwanena: pondani mabuleki msanga galimoto ili yowongoka, muziwasiya pang'onopang'ono pamene mukuyamba kukhota kuti mphuno ikhalebe yopanikizika pansi, mukafika pakati pa kona yambani kuika moto pang'ono ndipo mukauika musauchotsenso. Kuwachita ndiye kumafuna chala chophunzira, ndipo chala chimenecho simungachiphunzitse pa galimoto ya ma horsepower 500.

N'chifukwa chake ndikuti tengani Mazda Roadster, imene kwina amaitchula MX-5. Ya 1989 kapena ya 2015 zonse zili bwino. Ndi FR, injini kutsogolo, akukankha ndi akumbuyo, kulemera anakugawa pafupifupi theka kutsogolo theka kumbuyo, ndipo yonse imalemera makilogalamu pafupifupi 1,000 okha. Mphamvu ilibe zambiri, ndipo ubwino wake ndi womwewo, chilichonse chimachitika pang'onopang'ono moti mumaona kumbuyo kukuyamba kuterereka, mumakhala ndi nthawi yobweza chiwongolero, mumamva kuti apa ndachotsa moto mwankhanza. Ikayamba kukuchepelani pitani pa Toyota GR86 ya 2021, injini ya malita 2.4, ma horsepower 235, khalidwe ndi lomwelo koma yakwiya pang'ono. Musaziveke matayala a Racing, zisiyeni pa Comfort Soft kapena Sports Hard. Matayala a Racing Soft amabisa zolakwa zonse, mumaoneka ngati mwadziwa, kenako tsiku limene mpikisano wakana matayala amenewo kapena wakuikirani malire a PP (nambala imene gemu imayezera kuthamanga kwa galimoto) mumapezeka mwabwerera pomwe munayambira. Komanso amakweza PP kwambiri, nde galimoto yanu imakalowa m'gulu la zilombo zimene simungalimbane nazo.

Bwalo lophunzirira ndikupangirani Tsukuba. Ndi lalifupi, makilomita awiri ndi pang'ono, kuzungulira kamodzi ndi mphindi imodzi ndi timasekondi, nde mukalakwitsa simudikira nthawi yaitali kuti mukayesenso kona yomweyo. Lili ndi makona opindika kwambiri ophunzirira mabuleki, ndiye pali kona yomaliza ija yaitali yokhotera kumanja imene imakuyesani mtima ngati mungasunge moto osauchotsa. Kona imeneyo mukaidutsa bwino pa Roadster kambirimbiri motsatizana, ndiye kuti chala chayamba kumva. Nürburgring Nordschleife isiyeni kaye, ndi makilomita oposa 20, mumathera nthawi kuloweza msewu mmalo mophunzira galimoto.

Pamene mukuyendetsa muziyang'ana timizere tiwiri tili pansi pa sikirini pafupi ndi pamene pamaonetsa liwiro, kena ndi ka mabuleki kena ka moto. Anthu ambiri a padi kamzere kawo kamangodumpha, kadzadza, katha, kadzadza, katha, ngati akuyatsa ndi kuzimitsa. Kanu kazikwera ngati kakukwawa. Mukaona mbali ya kamzere ka moto yafiira ndiye kuti TCS, chothandizira chimene chimaletsa matayala kupala, yalowererapo ikudula mphamvu chifukwa mwapempha zoposa zimene matayala angakwanitse. Pa nkhani ya TCS musamvere anthu amene amati wodziwa amaizimitsiratu tsiku loyamba. Yambani pa 3, mutsike pa 2, kenako 1, ndipo pa Roadster mutha kufika pa 0 msanga ndithu chifukwa ilibe mphamvu yokuvulazani. ABS, imene imaletsa matayala kukiyika mukaponda mabuleki, isiyeni pa Default. Chimene ndingakonde muzimitse msanga ndi chothandizira chija chimakuponderani mabuleki chokha, chifukwa chikakhalapo simudzaphunzira kusuntha kulemera ndi chala chanu. Ngati muli pa PS5 ma trigger a padi ya DualSense amanjenjemera ndi kulimba matayala akayamba kutaya, muziwamvera, akukuuzani zoona.

Za GT-R zija. Ndi galimoto yabwino kwambiri, sindingainyoze, ya mtundu wa R35 inatuluka mu 2007 ndi injini ya V6 ya malita 3.8 ya ma turbo awiri, matayala onse anayi amakoka ndipo makompyuta ake amagawa mphamvu okha. Mudzasiya kuzungulira, zimenezo n'zoona. Koma imalemera makilogalamu oposa 1,700 pamene 911 yanuyo ili cha m'ma 1,400, ndipo kulemera kumeneko mudzakumva pa mabuleki ndi pa makona opindika, izidzangofuna kupita kutsogolo inu mukufuna kukhota. Choopsa chake n'choti imakulolani kuponda moto mwankhanza osakulangani, nde chizolowezi chimene chikukugwetsani panopa chimangokhazikika. Idzagulidwe ngati galimoto ya mipikisano ya mvula kapena yosonkhera ndalama mwachangu, pamenepo ndiye imathandiza zedi.

Munanenanso kuti munaigula chifukwa cha maonekedwe ndipo mukuganiza zochotsa chiphiko chakumbuyo chija kuti izithamanga kwambiri pa msewu wowongoka. Chonde chisiyeni. Pa GT3 RS pafupifupi chilichonse mukuchionacho chili ndi ntchito. Lowani mu Scapes, mojambulira zithunzi muja, kapena muizungulire mu galaja muone pamwamba pa matayala akutsogolo, pali timazenera todulidwa, timeneto timatulutsa mphepo imene imadzadzana mkati mozungulira tayala, imene ikanamanyamula mphuno pa liwiro lalikulu. Mabowo ali m'mbali kuseri kwa zitseko amamwetsa injini mphepo. Matayala akumbuyo ndi mamilimita 325 m'lifupi pamene akutsogolo ndi 265, kusiyana konseko ndi chifukwa cha injini ili kumbuyo ija. Phikolo limapanikiza kumbuyo pansi, ndipo mphamvu ya mphepo imakula mofulumira kuposa liwiro, liwiro likawirikiza kawiri kupanikiza kumawirikiza kanayi. Nde pa kona yapang'onopang'ono phiko silikuthandizani kwenikweni, pamenepo ndi matayala ndi chala chanu, koma pa makona othamanga ngati 130R ya ku Suzuka ndi limene likukusungani pamsewu. Mukalichepetsa mupindula pang'ono pa msewu wowongoka n'kuluza zambiri pa kona iliyonse yothamanga.

Pali kanthu kena kosangalatsa kamene kamaonetsa kuti malo a injini si nkhani yamasewera. Pa 911 RSR ya mpikisano ya 2017, imene ilimonso mu gemuyi m'gulu la Gr.3, a Porsche eni ake anasuntha injini n'kuiika kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo kuti apeze malo oikapo diffuser yaikulu pansi (chotulutsira mphepo ya pansi pa galimoto kuti ikakamire msewu) komanso kuti matayala akumbuyo asamathe msanga pa mipikisano yaitali. Mukaiyendetsa mudzaona kuti dzina ndi lomwelo, nkhope ndi yomweyo, koma khalidwe ndi lina, ndi yofatsa polowa pa kona kuposa yanuyo. Ndipo ife amene tinayamba kale magemu amenewa tikukumbuka kuti Porsche munalibe mu Gran Turismo chifukwa chilolezo chinali m'manja mwa EA, kampani ina yopanga magemu, mpaka 2016, tinkayendetsa RUF, galimoto za kampani ina zofanana ndi Porsche, mmalo mwake, Porsche yeniyeni inadzalowa mu Gran Turismo Sport mu 2017. Nde muli ndi chinthu chimene anthu anachidikira zaka zambiri, musachitaye chifukwa cha mlungu umodzi wovuta.

Mukadzachoka pa GR86 musalumphire 911 nthawi yomweyo, dutsani kaye pa MR imodzi, Alpine A110 ya 2017 ndi yabwino, yopepuka, injini ili pakati kuseri kwa mipando. Imakhota msanga kuposa FR ndipo imayamba kukuphunzitsani kulemekeza kumbuyo popanda kukulangani kwambiri. Mayeso a laisensi aja musawathawe, kuyambira National B kukwera, chifukwa amakupatsani kona imodzi ndi galimoto imodzi kuti mubwereze mpaka mumvetse, ndipo muli chionetsero choti muone pamene woyendetsa wa gemu akuponda ndi pamene akusiya.

Tsiku lobwerera pa 911, ivekeni Sports Medium kapena Sports Soft, injini musaikhudze. Ngati ikuvutabe polowa pa kona gulani choyendetsera brake balance musunthire mabuleki kutsogolo kadontho kamodzi kapena tiwiri, ndipo mukaika LSD yosinthika ija (chida chimene chimaletsa matayala awiri akumbuyo kusiyana kwambiri pozungulira) kwezani pang'ono braking sensitivity, zimenezi zimagwira kumbuyo kuti kusapepuke mukachotsa moto. Ena amaika ballast, zitsulo zolemetsa, kutsogolo, zimathandiza ndithu koma mukuonjezera kulemera komanso mukupha khalidwe limene munaigulira, ine ndingaisiye ngati njira yomaliza. Muzisintha chinthu chimodzi, muzungulire kangapo, muone nthawi, kenako musinthe china, mukasintha zinayi pakamodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Ngati munazolowera Forza Horizon 5 kapena Need for Speed musadabwe kuti kuno zikuvuta, kumene kuja anapanga dala kuti galimoto izikhululuka, umatha kulowa pa kona ndi liwiro lopenga n'kutuluka uli bwinobwino. Chiwongolero ngati Logitech G29 chimathandiza kumva kumbuyo kukamayamba kuchoka, koma musathamangire kugula poganiza kuti ndiye mankhwala, anthu ambiri amathamanga bwino kwambiri pa padi. Tiuzeni matayala amene mwaveka panopa, TCS ili pa nambala yanji, ndi kona yeniyeni imene ikukuzungulitsani kwambiri, ngati mungathe ikani kakanema ka replay timizere tija tikuoneka, tione ngati vuto lili polowa kapena potuluka.